Mfuti m'nyumba ya mlimi



Mpunga ukangolowa m'matumba, tulo timathawa. Akuba amaidziwa kalendala ya mlimi kuposa alangizi. Akudziwa kuti Juni ndi Julaye m'nyumba zathu mumakhala matumba ndi kandalama, ndipo msewu wa M5 uli pompa: katundu akakwera galimoto usiku, kukacha ali ku Dwangwa kapena ku Chintheche.

Ndiye mphwanga amene ali ku Joni wakhala akundiumiriza pa WhatsApp. Akuti, "Amalume, pezani kamfuti ka m'manja, kaja amati volovolo. Kwa munthu wosazolowera ndi kabwino." Mfundo yake si yopusa ayi. Volovolo ili ndi kamgolo kozungulira kolowa zipolopolo 5 kapena 6, ilibe tizitsulo tambiri tosokoneza mutu, ndipo siikakamira wamba. Koma ine ndaganiza mofatsa, ndipo yankho langa ndi loti ayi.

Choyamba ndi lamulo. Kuno kwathu mfuti si khasu loti ungogula pamsika. Pamafunika chiphaso chochokera kupolisi, ndipo kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso ndi mlandu wolowa nawo kundende, ngakhale ikhale gogodela ya agogo ako. Chiphasocho sichikupatsanso ufulu wopha. Ukaombera munthu amene akuthawa ndi mbuzi, mawa wokayankha mlandu kukhoti ndi iwe, banja n'kutsala lokha.

Chachiwiri ndi dzanja. Kuphweka kwa mfuti si kuphweka kwa kuombera. Kamfuti kakang'ono kamakankha dzanja mwamphamvu, ndipo pokoka chala mlomo wake umapatuka. Asilikali ndi apolisi amaphunzira miyezi, masana, mphunzitsi ali pambali. Nanga ine, mumdima, mtima uli phaphapha, ndikaphunzirira kuti? Zipolopolo zoyeserera ndigula ndi chiyani, pamene feteleza akundikanika? Ndipo wakuba akakulanda, wamupatsa wekha chida choti akaphere anthu ena.

Chachitatu ndi chimene chandigwira mtima kwambiri. Tadzifunsani: amene amagogoda pakhomo panu usiku ndi ndani? Kwa ine, pa zaka zonsezi, wakhala mwana wanga akuchokera kunyanja kokapha usipa m'bandakucha. Wakhala mnansi wofuna njinga, mkazi wake matenda a uchembere atamuyamba. Wakhala woledzera amene wasokoneza khomo. Onsewa ndi mithunzi yofanana mumdima. Chipolopolo sichifunsa dzina, ndipo chikatuluka sichibwerera. Chitseko cha thabwa kapena mpanda wa udzu sizingachiimitse, kuseri kuli adzukulu akugona pamphasa. Masana ife tili kudimba, adzukulu omwewo amafufuza paliponse. Ndi chiyani chimene munabisapo m'nyumba mwana osachipeza?

Tsono musati ndangokhala manja lende. Ndili ndi agalu awiri, ndipo ndimawadyetsa, chifukwa galu wanjala amagulidwa ndi mutu wa nsomba. Chitseko ndinaika mpiringidzo wa mtengo wolimba mkati. Panja pali nyale ya sola, pamutu pa bedi pali tochi ndi wezulo. Khola la mbuzi ndinalisendeza pafupi ndi zenera langa. Ndikagulitsa mpunga, ndalama sizigona m'nyumba, zimalowa mu foni, kaya Airtel Money kaya Mpamba. Nambala za apolisi akumudzi ndi za ku Nkhunga zili mu foni yanga ndi ya amayi akunyumba.

Chachikulu, tinapangana nyumba zoyandikana kuti wezulo ikalira, aliyense atuluke ndi tochi, akukuwa. Wakuba amadana ndi kuwala ndi phokoso. Tinapangananso kuti tikamugwira, timumange ndi kumupereka kupolisi, osamumenya, osamuotcha, chifukwa kumeneko ndi kusandutsa mudzi wonse kukhala wamlandu. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Mwina wa golosale yaikulu m'tauni, amene ali ndi chiphaso, kabati yachitsulo yokiya ndi kophunzirira, nkhani yake ndi ina. Koma ife a kumudzi, thumba la mpunga likapita tidzalima lina chaka chamawa. Mwana sabzalidwa kawiri.

Inu kwanuko mukudziteteza bwanji chaka chino? Tiuzane, tiphunzirepo. Mugone bwino.