ZA ULENDO WOSACOKA PAMALO

Abale anga owerenga, ndifuna kukuuzani za cinthu cimene ndinaciseka poyamba, koma pambuyo pace cinandibwezera miyendo yanga. Ine ndine mphunzitsi wopuma nchito, wa zaka 67. Pa unyamata wanga sindinadziwe kuti kuyenda ndi cuma, pakuti ndinali kuyenda tsiku ndi tsiku kunka kusukulu, kudimba ndi kumsika, osaganizako konse za maondo.

Nditapuma nchito, maondowo anayamba kuwawa, makamaka potsika citunda ndi ponyamuka pampando. Ndinayesa kuti mankhwala a bondo lowawa ndiwo kulipumitsa. Cotero ndinaleka kudimba, ndipo ulendo wa kumsika ndinaupereka kwa anyamata a kabaza. Masiku anga anathera pakhonde. Zitapita zaka ziwiri mimba inakula, zobvala zinandithina, ndipo pokwera kamtunda ka kuchalichi ndinali kupuma wefuwefu monga munthu wopitikitsidwa ndi cirombo. Maondo nao sanacire ai; anangouma koposa kale.

Tsiku lina kucipatala anandiyesa, napeza kuti mwazi wanga uli kuthamanga kopitirira muyeso, ndi kuti shuga wayamba kucuruka m'thupi. Dotolo anandipatsa mankhwala, nati, "Bambo, mankhwala okha sakwanira; muziyenda." Ndinabvomera ndi pakamwa, koma mumtima ndinati, "Ndiyenda ndi maondo a yani?" Usiku umenewo sindinagone, pakuti ndinakumbukira anzanga awiri a msinkhu wanga amene nthenda yomweyo inawapha ziwalo za mbali imodzi, ndipo tsopano acita kuwanyamula powaturutsa padzuwa.

Mwana wanga wacisamba atamva, anandiitanira kwace ku Lilongwe. M'cipinda cina ca nyumba yace ndinaona makina onga njinga, koma opanda cokhalira, osayenda pamseu. Anali ndi zopondapo ziwiri zazikuru zokwana phazi lonse, ndi zogwirira ziwiri zazitali zoyenda uku ndi uku. Ndinamfunsa, "Kodi njinga yako iyi imakufikitsa kuti?" Iye anati, "Atate, siifika kuli konse, koma imayendetsa mwazi. Takwerani muone." Ndinaseka, ndi kuti, "Kwathu munthu akatuluka thukuta amabwerako ndi mtolo wa nkhuni. Inu a m'tauni mucita kuligula thukuta ndi ndalama!"

Makinawo eni ace amawachula elliptical, cifukwa phazi la munthu wokwerapo limazungulira njira yonga maonekedwe a dzira. Kampani ya ku America yochedwa Precor ndiyo inayamba kuwagulitsa m'caka ca 1995. Nzeru yace ndi iyi. Munthu poyenda pansi amanyamula phazi naligwetsanso, ndipo pa kugwa kuli konse kulemera kwa thupi kumagunda bondo. Pothamanga kugundako kumafika kawiri kapena katatu kulemera kwa munthuyo. Koma pa makinawa phazi silicoka pa copondapo cace, cotero bondo limapinda ndi kuwongoka popanda kumenyedwa. Manja nao amakankha ndi kukoka zogwirira, kotero kuti mapewa, cifuwa ndi msana zimagwira nchito pamodzi ndi miyendo. Pali pocepetsera ndi poonjezera kulimba kwace, kuti munthu amve monga ali pacidikha kapena ali kukwera phiri.

Tsiku loyamba ndinakwera mwamanyazi, mdzukulu wanga ataima pambali kuwerenga nthawi. Zitakwana mphindi 4 ndinatsika, miyendo iri njenjenje. Mwanayo anapfuula, "Agogo atopa kale!" ndipo apongozi anga anathawira kukhichini kukabisa kuseka. M'mawa mwace nchafu zinali kuwawa, koma ndinazizwa poona kuti maondo sanatupe. Pamenepo ndinaphunzira kusiyanitsa zowawa ziwiri: kuwawa kwa mnofu wotopa, kumene kumatha pa masiku awiri kapena atatu, ndi kulasa kwa m'kati mwa mfundo, kumene kumauza munthu kuti aleke.

Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndinaonjeza mphindi pang'ono pang'ono, kufikira pa sabata lacisanu ndi cimodzi ndinatha kukhalapo mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Zonse pamodzi ndizo mphindi 150, ndiwo muyeso wocepa umene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza m'caka ca 2020, kuti munthu wamkuru azilimbitsa thupi mphindi 150 kufikira 300 pa sabata. Liwiro loyenera mwana wanga anandiphunzitsa kulizindikira cotere: ngati ungathe kulankhula koma sungathe kuyimba, uli pabwino, ngati mau akukanika kuturuka, wapitirira.

Monga mphunzitsi, sindinakhutire ndi kucita cabe. Ndinafuna kudziwa cifukwa cace. Mtima ndi mnofu, ndipo mnofu umalimba pougwiritsa nchito. Mtima wolimba umatumiza mwazi wambiri pa kugunda kumodzi, cotero subvutika kugunda kawiri kawiri, ndipo kuthamanga kwa mwazi kumatsika. Minofu yogwira nchito imadya shuga wa m'mwazi monga moto umadya nkhuni. Minofu ya m'nchafu ndiyo mizati ya bondo. Ikafooka, katundu yense amagwera pa mfundo. Koma cimene cinandidabwitsa koposa ndi ici: kanyama kosalala kokuta nsonga za mafupa m'bondo kalibe mitsempha ya mwazi; kamalandira cakudya cace kucokera m'madzi a m'mfundomo, ndipo madziwo amalowa ndi kuturuka pamene bondo liyenda. Tsono ine, pokhala pakhonde zaka ziwiri, ndinali kulimana cakudya bondo lomwe ndinayesa kuti ndiri kulisunga.

Itatha miyezi itatu ndinabwerera kwa dotolo. Anapeza kuti mwazi ndi shuga zatsika, koma anandicenjeza kuti ndisaleke mankhwala, ndipo sindinaleke. Tulo tinabwerera, ndipo lamba ndinambowola bowo lina.

Koma ndisakunamizeni, abale, kuti makinawa ndiwo zonse. Mtengo wace ndi waukuru, woposa mphamvu ya ambiri a ife. Ndiponso cifukwa phazi siligunda pansi, salimbitsa mafupa monga kuyenda ndi kusenza kumacitira. Ndipo popeza munthu amagwirira ndi manja, samphunzitsa kuima cilili pa njira ya miyala. Munthu wakumva kuwawa m'cifuwa, kapena cizungulire, aleke pomwepo nakaonane ndi dotolo. Mnyamata wolima ndi khasu, ndi mai wosenza madzi kucokera kudambo, sasowa makina otere, pakuti nchito yao iwakwanira. Osowa ndife amene tinakhala pansi: okalamba, ogulitsa m'sitolo, osoka pa makina, ndi onse amene cigayo ndi njinga yamoto zinawalanda thukuta. Zinthu zimenezi nzabwino ndithu, koma thupi silinaleke kufuna nchito imene izo zinaticotsera.

Ndinabwerera kumudzi wopanda makina, koma ndi nzeru yace, ndiyo kuyendetsa bondo osaligunda. Ndinatsitsa njinga yanga yakale kudenga, ndi kukweza cokhalira cace kuti mwendo uziwongoka bwino, ndipo ndimapalasa m'mamawa pa njira yosalala. Madzulo ndimayenda pa dothi lofewa, ndi kupewa zitsetse zazikuru. Ndisanadye ndimanyamuka pampando ndi kukhalanso kakhumi, osagwira ndi manja. Maondo akali kundikumbutsa zaka zanga, makamaka nyengo yozizira, koma salamuliranso ulendo wanga.

Mwezi wathawu ndinafika kudimba ndi miyendo yanga, nthawi yoyamba m'zaka zitatu, ndi kubwerako ndi mtolo wa mpiru. Amai a kunyumba anaulandira ndi manja awiri, nati, "Kodi ndinu amene munali kunena kuti ulendo wosafika ulibe phindu?" Ndinalibe coyankha. Cifukwa cace ndikupemphani inu anzanga a imvi, amene mwayamba kukonda khonde monga ndinalikondera ine: funsani kucipatala cimene maondo anu angathe, ndipo mawa m'mamawa yambani ndi mphindi zanu zinai.