Phulusa, ndimu ndi mgolo wa thobwa

Ziwiya zofululira zasintha kwambiri m'moyo wanga, koma katsukidwe kake kakutsalira m'mbuyo. Ndili mwana, mowa wa masese ndi thobwa zinkasungidwa m'mbiya zadothi. Lero mchemwali wanga, amene amaphika thobwa logulitsa m'tauni, alibe mbiya ndi imodzi yomwe. Ali ndi mgolo wapulasitiki, ndowa zokhala ndi zovindikira, sefuliya yaikulu, poto wachitsulo chosachita dzimbiri ndi thumba la mabotolo. Pashelefu pali kapaketi ka ufa woyera wowawasa wotchedwa citric acid, umene agogo sanaudziwe.

Agogo ankatsuka mbiya ndi madzi otentha, phulusa ndi chitsononkho. Akatha ankaiyanika padzuwa tsiku lonse. Sopo sankafika pafupi. Ankati: "Mwanawe, mbiya ikamwa sopo, mowa wake ngwa sopo." Ankanena zoona, chifukwa dothi lowotcha lili ndi timaenje tosaoneka timene timasunga chilichonse cholowamo. M'timaenje momwemo munkatsalira tizilombo tabwino towiritsa mowa, n'chifukwa chake mbiya yakale inkawiritsa msanga kuposa yatsopano, ndipo mayi wofulula mowa wa dima kapena wa chinamwali ankabwereka mbiya yodziwika kuti siichititsa manyazi. Cholinga cha kutsuka sichinali kupha zonse za m'mbiya. Chinali kuchotsa zoola ndi kusiya zothandiza.

Pulasitiki ndi chitsulo sizitero. Zilibe chabwino chimene zimasungira phala lotsatira, ndipo chotsalira m'menemo ndi litsiro basi. Mgolo ukakwechedwa ndi mchenga kapena waya wotsukira mapoto umakalika, m'mikalo imeneyo n'kumabisala nguwi ndi zosasitsa thobwa lisanafike pamsika. Madzi nawo asintha. Agogo ankatunga kudambo, ife timatunga pamjigo, ndipo madzi a m'mijigo ina amasiya chikhakha choyera pansi pa poto ndi m'ketulo. Chikhakhacho chimachokera ku laimu wosungunuka m'madzi. Sopo sachichotsa, phulusa silichichotsa, ndipo pamwamba pake pokhakhala m'pamene phala limakakamira.

Apa ndi pamene citric acid amagwira ntchito. Si mankhwala achilendo monga dzina lake limamvekera. Ndi chowawasa chomwecho cha m'mandimu, chimene Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anachipatula koyamba ku madzi a mandimu mu 1784. Kwa zaka zambiri ankachipanga kuchokera ku zipatso za ku Italy, mpaka mu 1917 pamene James Currie wa ku America anapeza kuti nguwi yotchedwa Aspergillus niger ikadyetsedwa shuga imatulutsa asidi ameneyu wambiri. Lero pafupifupi yense wogulitsidwa m'masitolo amapangidwa mwa njira imeneyo, ndipo wochuluka amachokera ku China. Timamumwa kale m'zakumwa zozizilitsa kukhosi ndi m'maswiti.

Mchemwali wanga amasungunula supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri pa lita iliyonse ya madzi ofunda, n'kuthira m'poto wake wachitsulo chosachita dzimbiri. Pakapita kanthawi chikhakha chija chimafewa, chinkhupule n'kuchichotsa popanda kukanda. Madontho a dzimbiri amachokanso, ndipo chinthu chamkuwa chimene chinachita zobiriwira chimayera. Ufawu ulibe fungo lotsalira m'chiwiya, komanso sudalira nyengo ya mandimu.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akumutenga ngati wothetsa zonse. Asidi sachotsa bwino mafuta ndi zokakamira za phala. Ntchito imeneyo ndi ya phulusa, chidulo, soda kapena sopo wopanda fungo. Amayi athu ankazidziwa mbali ziwirizi ngakhale sanalowe m'kalasi ya sayansi: phulusa linali la mbale yonona, ndimu anali wa mpeni wadzimbiri. Ndondomeko yake ndi yomweyo mpaka lero. Choyamba kukwecha litsiro looneka, kenako kutsukuluza, pambuyo pake asidi wa chikhakha, ndipo pomaliza madzi owira kapena kolorini wopha majeremusi, pakuti citric acid payekha si wodalirika pa ntchito yomalizayi. Kusakaniza asidi ndi soda m'ndowa imodzi n'kutaya ndalama, chifukwa ziwirizi zimaphana mphamvu, thovu lokha n'kumasangalatsa maso.

Palinso zoopsa zimene nthawi ya mbiya kunalibe. Asidi akakumana ndi kolorini kapena Jik amatulutsa mpweya wapoizoni wowononga mapapo, choncho chiwiya chiyenera kutsukuluzidwa bwino pakati pa ziwirizi. Ndowa yamalata imadyedwa ndi asidi, ndipo chitsulo chokutira pamwamba pake chimasungunukira m'madzi. Sefuliya ya aluminiyamu nayo siyenera kuviikidwa nthawi yaitali. Mgolo umene unasungapo mankhwala a m'munda kapena mafuta a galimoto sungayeretsedwe ndi ufa uliwonse. Umenewo usaone thobwa, ngakhale utaoneka wowala bwanji.

Ndimakumbukiranso zimene zinachitika ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu Januwale 2015. Anthu 75 anamwalira atamwa mowa wofululidwa pakhomo pa mwambo wa maliro. Poyamba kunamveka mphekesera za ndulu ya ng'ona, koma ofufuza anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wachimanga woonongeka. Mgolo woyera sungapulumutse ufa wovunda kapena chimera chochita nguwi. Ukhondo wa wofulula umayambira munkhokwe.

Chasintha kwambiri, kwa ine, ndi anthu omwa. Thobwa la agogo linkamwedwa ndi abale ndi anansi, m'chipanda chozungulira pabwalo, ndipo likadwalitsa munthu, aliyense ankadziwa khomo limene lachokera. La mchemwali wanga limamwedwa ndi kondakitala, mwana wasukulu ndi mayi wodikira basi, anthu amene sadzaona konse m'mene botolo latsukidwira. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatikumbutsa kuti botolo lotoledwa, lotsukidwa ndi madzi okayikitsa, likhoza kunyamula matenda kuchoka kudera lina kufika kwina. Wogula akamatsegula botolo amakhala akukhulupirira manja a munthu amene sakumudziwa.

N'chifukwa chake sindidandaula kuti mbiya inapita, ngakhale kuzizira kwa thobwa lake ndimakusowa m'mwezi wa Okutobala. Chimene ndimafuna n'chakuti luso la katsukidwe liziperekedwa pamodzi ndi luso la kaphikidwe. Mtsikana amene akuphunzira kumeretsa mawere ndi kuthira chimera pa nthawi yake aphunzirenso chiwiya chimene chimalola asidi ndi chimene chimakana, chimene phulusa limatha ndi chimene silitha, komanso chifukwa chake kolorini amakhala payekha. Paketi ya citric acid ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi mgolo wa thobwa wotayidwa chifukwa chosasa, koma imathandiza m'manja mwa amene akudziwa malo ake pa ntchito yonse.