Kuyenda mu Hiroshima ndi Mwana Wopanda Nsapato

Pa mizinda yonse ya ku Japan, palibe wina umene dzina lake lidafika kutali monga Hiroshima. Ambiri a ife tidalimva tili pa sukulu, pamodzi ndi caka ca 1945 ndi mau akuti bomba la atomu. Koma dzina ndi caka sizionetsa nkhope ya munthu. Cotero, awerengi okondedwa, tiyeni mwezi uno tiyende m'miseu ya mzindawu, ndipo wotitsogolera akhale kamnyamata ka m'buku la zithunzi, koyenda opanda nsapato, dzina lake Gen.

Mlendo wocokera ku Tokyo amafika ku Hiroshima atayenda pafupifupi maola 4 pa sitima yothamanga ya Shinkansen. Amapeza mzinda waukhondo wa anthu oposa miliyoni imodzi, womangidwa pamene mtsinje wa Ota umagawikana kukhala mitsinje 6 usanathire m'nyanja. Milatho ili ponseponse. M'kati mwa miseu mumayenda matramu, ndiwo tisitima ta magetsi tonyamula anthu. Mwa iwo muli awiri okalamba, a nambala 651 ndi 652, amene analipo tsiku la bomba, naonongeka, nakonzedwanso. Patangopita masiku atatu bomba litagwa, pa 9 Ogasiti, tramu yoyamba idayambanso kuyenda pa kacigawo kocepa ka njanje kumadzulo kwa mzinda.

Tisanakwere tramu, tiyambe tadziwa cimene a ku Japan amacha manga. Ndi nkhani zosimbidwa m'zithunzi zojambula pamanja, zambiri mwa izo zakuda ndi zoyera, ndipo amaziwerenga kuyambira kudzanja lamanja kupita kumanzere, kotero kuti kumene ife timati kumbuyo kwa buku ndiko kuciyambi. Zimayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini akuluakulu a pepala lochipa, sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi, kenaka amazisonkhanitsa m'mabuku. Nkhani ikakondedwa, amaipangira filimu ya zithunzi zoyenda, zimene ana athu amati makatuni. Amene adakuza luso limeneli nkhondo itatha ndi Osamu Tezuka, mwini wa Astro Boy, nkhani ya 1952 imene idafika pa wailesi ya kanema mu 1963. Buku lake la 1947, lochedwa Shin Takarajima, lidagwera m'manja mwa kamwana kamasiye ka ku Hiroshima, Keiji Nakazawa, ndipo kadatsimikiza mtima kuti kadzakhala wojambula nkhani.

Pa mlatho wa Aioi

Tramu ya nambala 6, yocokera pa siteshoni kupita ku Eba, imatitsitsa pafupi ndi mlatho wa Aioi. Mlathowu uli ndi maonekedwe a cilembo ca T, ndipo cifukwa cakuti unkaoneka bwino kucokera m'mwamba, ndiwo umene oyendetsa ndege ya Amereka adalunjikapo m'mawa wa pa 6 Ogasiti 1945. Nthawi ili 8:15 bomba lidaphulika m'mlengalenga, pafupifupi mamita 600 pamwamba pa mzinda. Pofika kumapeto kwa caka cimeneco anthu okwana ngati 140,000 anali atafa. Pambali pa mlatho pali bwinja la nyumba imene idamangidwa mu 1915 ndi mmisiri wa ku Czech, Jan Letzel, yoonetseramo katundu wa m'cigawoco. Makoma ake ndi zitsulo za denga lake lozungulira zidatsala ciimire, ndipo mu 1996 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse lapansi.

Munthu wa ku Migodi akaima pano ayenera kudziwa kuti nkhaniyi si yakutali monga momwe imaonekera. Mbali yaikulu ya mwala wa yureniyamu umene udagwiritsidwa nchito pa mabomba oyambawo idakumbidwa pa mgodi wa Shinkolobwe, pafupi ndi Likasi m'dera la Katanga, kutsidya kwa malire athu ndi Congo. Manja a anthu akuda amene adaukumba sadauzidwe kumene unali kupita.

Kutsidya kwa mtsinje kuli bwalo lalikulu la mitengo ndi udzu lochedwa Peace Memorial Park, ndi nyumba yosungiramo zikumbutso imene idatsegulidwa mu 1955. Mlendo angaganize kuti malowa anali paki kuyambira kale. Iai, padali mudzi wa m'tauni wodzaza ndi masitolo, nyumba zogona ndi zoonetseramo kanema, dzina lake Nakajima. Tidzabwereranso ku mudzi umenewu kumapeto kwa ulendo.

Khoma la sukulu

Tikakweranso tramu yomweyo, imakhotera kumwera nkulowa m'dera la Funairi. Kuno ndiko kwao kwa Nakazawa, amene adabadwa mu 1939. M'mawa uja, ali ndi zaka 6, anali pa cipata ca sukulu ya Kanzaki, mtunda wopitirira pang'ono kilomita imodzi kucokera pamene bomba lidaphulikira. Mai wina, mai wake wa mnzake, adamuimitsa kuti amfunse kanthu. Mwanayo adaima cotsamira khoma la simenti la sukulu, ndipo khomalo lidamchinjiriza ku moto. Mai uja, amene anali poyera, adafera pomwepo. Kunyumba, atate ake, mlongo wake wamkulu ndi mng'ono wake adapsinjidwa ndi denga, moto nuwapeza ali momwemo. Amai ake, amene anali ndi pakati, adacira tsiku lomwelo m'mbali mwa mseu, koma kakhandako kadangokhala miyezi yowerengeka.

Kwa zaka 20 Nakazawa sadafune kukamba za zimenezi. Mu 1961 adapita ku Tokyo, kumene anthu ena ankanyansidwa ndi opulumuka ku bomba, poopa kuti matenda ao ndi opatsirana. Iye ankajambula nkhani za masewera ndi zina zosangalatsa anyamata. Cimene cidamsintha ndi maliro a amai ake mu 1966. Mwambo wa ku Japan ndi wakuti mtembo amautentha, ndipo abale amatola mafupa otsala ndi timitengo nkuwaika mu msuko. Iye adasimba kuti atafika pa mwambowo adapeza phulusa lokhalokha, popeza poizoni wa bomba anali atafoola mafupa a amai ake. Wina aliyense amene adaikapo kholo lake angathe kumvetsa ukali umene udamgwira. Mu 1972 adajambula mbiri ya moyo wake mwacidule, ndipo mu 1973 nkhani ya Hadashi no Gen, ndiye kuti Gen Wopanda Nsapato, idayamba kutuluka m'magazini ya anyamata ya Weekly Shonen Jump. Pomalizira pake idakwana mabuku 10. Kuyambira mu 1976 gulu la anthu ongodzipereka lidayamba kuimasulira m'Cingelezi, ndipo m'cinenero cimeneco imadziwika kuti Barefoot Gen.

Cimene cimapatsa nkhaniyi ulemu ndi cakuti siyamba ndi bomba. Imayamba ndi banja losauka, la njala, limene anansi amalida nalicha ogulitsa dziko cifukwa atate a Gen akunena poyera kuti nkhondoyo ndi yopanda pake. Nakazawa sadabise zoipa za anthu a mtundu wake. Adaonetsa aphunzitsi omenya ana, apolisi ozunza, ndi mnansi wa ku Korea, Bambo Pak, amene amanyozedwa m'dziko limene adabwera nalo mokakamizidwa. Ndipo bomba litagwa, adaonetsa momwe anthu a m'midzi yozungulira ankapitikitsira opulumuka amene anabwera kudzapempha mpunga. Pali malo amodzi pamene wojambulayu adasintha zimene zidamcitikira. Iye mwini sadaone imfa ya atate ake ndi abale ake. Adaimva kwa amai ake. Koma m'buku adamuimika Gen pomwepo, akuyesa kunyamula mtanda wa denga umene sukusunthika.

Filimu yake idatuluka mu 1983, yotsogoleredwa ndi Mori Masaki, ndipo yaciwiri idatsatira mu 1986. Filimu yoyamba idafupikitsa nkhani: akulu ake awiri a Gen mulibe, ndipo mkangano wa atate ndi anansi udacepetsedwa. Cimene idaonjeza ndi mphindi za kuphulika kwenikweniko, zimene idazionetsa pang'onopang'ono ndi mosabisa kanthu, kotero kuti ngakhale munthu wamkulu amayang'ana kumbali. Amene afuna kumva ululu wa tsikulo aone filimu. Amene afuna kudziwa cimene cidabweretsa tsikulo, ndi zaka za umasiye zimene zidatsatira, awerenge mabuku.

Kumathero a njanje

Tramu yathu imathera ku Eba, dera la m'mphepete mwa nyanja. Kuno ndiko kumene Gen ndi amai ake adapeza kacipinda kogonamo atataya zonse. Ndipo Eba yemweyu ndiye kwao kwa Suzu, mtsikana wa m'nkhani ina yoyenera kuiwerenga, imene adajambula mai wobadwira ku Hiroshima mu 1968, Fumiyo Kono. Idatuluka kuyambira 2007 mpaka 2009, ndipo dzina lake m'Cingelezi ndi In This Corner of the World. Suzu ndi mwana wa banja lokolola ndiwo za m'nyanja, wokonda kujambula. Mu 1944 akukwatiwa ku Kure, doko la sitima za nkhondo kumene kudapangidwa sitima yaikulu ya Yamato. Nkhani yake ndi ya kukhichini: kuphika mpunga wocepa kuti ukwanire banja lonse, kuthyola masamba a m'mbali mwa njira kuti akhale ndiwo, kusoka zobvala zakale, kupirira mau a mlamu wake wolusa. Mai aliyense amene adadyetsa banja m'caka ca njala adzamzindikira. M'mwezi wa Juni 1945 bomba lokwiririka likuphulika mocedwa, likupha kamwana ka mlamu wake kamene anakagwira dzanja, ndi kudula dzanja lomwelo, limene ankajambulira.

Filimu ya nkhaniyi idatuluka mu 2016. Wotsogolera wake, Sunao Katabuchi, adatha zaka akufunafuna zithunzi zakale ndi kufunsa nkhalamba zimene zidakulira ku Nakajima, kuti ajambule sitolo iliyonse pamalo pake. Potero mudzi umene udafafanizidwa m'kamphindi udaonekanso pa kanema, ndi anthu ake akugula ndi kugulitsa. Munthu amene waona filimuyo sayendanso pa udzu wa paki ija monga poyamba, pakuti amadziwa kuti akuponda pakhomo pa eni ake.

Kum'mawa kwa paki, m'dera la Noboricho, kuli chalichi cacikulu ca Akatolika comangidwa pokumbukira akufawo, cimene cidamalizidwa mu 1954 mwa khama la Bambo Hugo Lassalle, wansembe wa cipani ca Ajezuiti amene adabvulala ndi bombalo. Mnzake, Bambo Pedro Arrupe, amene adaphunzirapo za udokotala, adasandutsa nyumba ya ophunzira ku Nagatsuka kukhala cipatala ca anthu opsa, ndipo mu 1965 adasankhidwa kukhala mkulu wa Ajezuiti onse. Apapa awiri adafika mu mzindawu kudzapempha mtendere: Yohane Paulo Waciwiri mu 1981, ndi Fransisko mu 2019.

Kodi ana aone?

Pa phiri la Hijiyama pali laibulale ya mzinda yosunga manga okhaokha, kumene agogo ndi adzukulu amakhala pa benchi limodzi, aliyense ndi buku lake. Komabe ngakhale ku Japan funso la Gen ndi ana silidathe. Nakazawa adamwalira mu Disembala 2012. Caka cotsatira kudamveka kuti akulu a maphunziro mu mzinda wa Matsue adalamula kuti mabukuwa asaikidwe poyera m'malaibulale a masukulu, ati cifukwa zithunzi zina ndi zoopsa. Anthu atadandaula, lamulolo lidacotsedwa. Mu 2023 akulu a maphunziro a Hiroshima yemweyo adacotsa zigawo za nkhaniyi m'buku lophunzitsira ana aang'ono za mtendere, ndipo padabukanso mkangano. Opulumuka amene angathe kusimba ndi pakamwa pao akutha caka ndi caka. Bungwe lao, Nihon Hidankyo, lidalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2024, ambiri a iwo ali ndi zaka zoposa 80. Iwo akadzapita, mabuku ndi mafilimu awa ndiwo adzatsale kuyankhula ndi ana.

Kwa inu makolo, phunziro ndi lakuti katuni si cidole nthawi zonse. Musamsiyire mwana wa zaka 7 filimu ya Gen kuti aone yekha inu muli kumunda kapena kumsika. Koma mnyamata kapena mtsikana wa ku sekondale, amene amva za nkhondo pa wailesi tsiku ndi tsiku ngati kuti ndi zigoli za mpira, khalani naye pansi muonere pamodzi, ndipo ikatha mumfunse cimene atate a Gen adalakwa kuti anansi awade.

Ku Japan alimi ali ndi cizolowezi copondaponda tirigu wamng'ono m'nyengo yozizira, kuti mizu yake ilimbe ndi kuti aphuke nthambi zambiri. Atate a Gen amaphunzitsa ana ao za tirigu ameneyu kuciyambi kwa nkhani. Bomba litagwa, kudamveka mphekesera yakuti padzapita zaka 75 mu Hiroshima musanamere kanthu. Filimu ya 1983 imatha Gen ataika kamlongo kake, akuyenda m'phulusa, napeza timbeu ta tirigu titaphuka, ndi tsitsi lake, limene lidathothoka ndi poizoni, litayambanso kumera. Zaka 75 zija zidakwana mu 2020. Tramu ya ku Eba imadutsa pansi pa mitengo yobiriwira, itadzaza ana a sukulu.