Kabuku ka Mkulu wa Imvi

Ife obadwira kumene madzi saundana, mpira timaudziwa ndi wamiyendo basi. Tsono pamene mwana wanga, wobadwira kuno ku Ontario m'dziko la Canada, anayamba kusewera hockey wa pamadzi oundana, ine ndinali ngati mlendo pa gule wa eni ake. Ndinkangoona anyamata asanu ndi mmodzi mbali iliyonse, atavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi kwake, akulimbirana ndi ndodo kamphira kakuda kotchedwa puck. Chomwe ndinkatha ine ndi kuwerenga zigoli.

Chaka chimene mnyamatayu anakwanitsa zaka 15 ndicho chinali cha mayeso. Pa msinkhu umenewu matimu a Ontario Hockey League amatuma anthu awo m'mabwalo kukasaka anyamata aluso, ndipo nyengo ya masewera ikamatha amasankhapo. Tsiku lina ndinakhala pafupi ndi mmodzi wa iwo, mkulu wa imvi, kabuku kali pabondo. Mwana wanga anagoletsa chigoli, ine ndi kudumpha, koma mkuluyo sanalembe kanthu. Patapita kanthawi, mwana yemweyo ali kutali ndi kamphira, ndinaona cholembera chikuthamanga.

Mtima unandikana kukhala chete. "Pepani akulu, nambala imene mukulembayo ndi mwana wanga. Bwanji chigoli chija simunachilembe?"

Anamwetulira. "Chigoli, bambo, aliyense wachiona. Ine andituma kudzaona zimene anthu saona."

Anandifotokozera kuti wosewera amalowa m'bwalo kwa masekondi pafupifupi 45 ndi kutuluka kukapuma, ndipo pa nthawi yochepayo kamphira amakakhudza mwa apo ndi apo. Choncho iwo amayang'ana zimene mwana akuchita opanda kamphira: ngati amacheuka kuona kumene kuli anzake kasanamufike, ngati amabwerera msanga kukateteza golo lake, ndiponso mmene amadzukira akamugwetsa. Za mwana wanga sanandibisire. Maso ali nawo, anatero, ndipo amaona mpata anzake asanauone. Koma poyamba kuthamanga miyendo imachedwa, ndipo thupi ndi laling'ono. Kenaka anandifunsa mwezi umene anabadwa. Nditati Novembala, anagwedeza mutu.

Funso limenelo ndinalimvetsa pambuyo pake. Kuno ana amawaika m'magulu potsata chaka chobadwa, kuyambira pa 1 Januwale. Wobadwa mu Januwale amasewera ndi wa mu Disembala, pamene wamposa pafupifupi chaka chathunthu. Katswiri wina wa maphunziro a maganizo, Roger Barnsley, anasonyeza cha m'ma 1980 kuti osewera ambiri osankhidwa amakhala obadwa kumayambiriro kwa chaka. Wayne Gretzky ndi wa mu Januwale 1961. Connor McDavid, amene analoledwa kulowa mu ligi imeneyi mu 2012 ali ndi zaka 15 zokha, ndi wa mu Januwale 1997.

Akulu amati m'mera ndi poyamba, koma osankhawa nawonso amaphonya. Mu 1993 timu ya Ottawa Senators inasankha Alexandre Daigle patsogolo pa anyamata onse, koma sanafike pamene anthu ankamuyembekezera. Martin St. Louis, amene matimu onse a NHL anamulambalala chifukwa cha kufupika, mu 2004 anapambana chikho cha Stanley Cup ndi Tampa Bay Lightning, nasankhidwanso kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho.

Pobwerera kunyumba usiku umenewo, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono m'chipale, mnyamata anandifunsa, "Ababa, ndinakuonani mukucheza ndi akulu aja. Anati chiyani?"

Ndinalingalira zomuuza za maso zokha, poti bambo aliyense amafuna mwana wake akagone mokondwa. Koma ndinaona kuti kumubisira za miyendo kukanakhala kumulanda chinthu chimodzi chimene iye akanatha kukonza. Ndinamuuza zonse ziwiri. Sanayankhe mpaka tinafika.

Tsiku losankha litakwana, dzina lake silinatuluke. Analira, nanenso ndinalira chamumtima. Mmawa mwake kusanache ndinamva chitseko chikutsekuka, ndipo nditasuzumira pazenera ndinamuona akuthamanga chokwera pa kamtunda ka kuseri kwa nyumba yathu, kutsika, ndi kukweranso.

Akuseweradi mpaka lero, m'timu yaing'ono. Ine ndikakhala m'bwalo zigoli ndinasiya kuwerenga. Ndimayang'ana khosi lake, kudikira kuti acheuke.