Mwana amene ndinkamutcha waulesi

Ndimaphunzitsa Biology ndi Chingerezi pasukulu ina yasekondale yoyendera kumudzi, ndipo ndikufuna kuvomera cholakwa chimene ndinachita pafupifupi chaka chathunthu.

M'kalasi langa la Folomu 1 munali mnyamata amene ndikafunsa funso, ankayamba ndiye kukweza mkono. Ankafotokoza momwe madzi amakwerera kuchoka kumizu kukafika kumasamba mpaka anzake kumuwombera m'manja. Koma ndikatolera makope, tsamba lake linkakhala ngati papalasa nkhuku. Lembo la b linkasanduka d, pofuna kulemba "was" ankalemba "saw", ndipo mawu amodzi omwewo ankawalemba mitundu itatu patsamba limodzi. Ine ndinkangolemba ndi inki yofiira kuti asiye ulesi. Kawiri konse ndinamuimiritsa kuti awerenge mokweza, anzake n'kumaseka. Pofika teremu yachitatu anayamba kujomba, ndipo ndinamva kuti akupalasa kabaza ya amalume ake.

Nthawi yomweyo ndinapita kupulaimale yoyandikana nafe, kumene mwana wanga ali Sitandade 2. Kumeneko kuli matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2023 mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, yothandiza ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga ndi masamu. Makinawa amatchajidwa ndi sola. Mwana aliyense amavala mahedifoni, tabuleti imatchula liwu la lembo m'Chichewa, iye n'kulondola lembolo ndi chala, kenako n'kumalumikiza maphatikizo kupanga mawu. Ndinaima kumbuyo kwa kamtsikana kena kamene kanalakwitsa kangapo. Makinawo anangokabwerezera modekha, ndipo palibe amene anaseka chifukwa palibe amene anamva. Ndinakumbukira mnyamata wanga uja ataimirira kutsogolo, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinachita manyazi.

Nditayamba kufufuza, ndinapeza kuti vutoli pa Chingerezi amalitcha dyslexia. Si kuchepa nzeru ndipo si matenda a maso. Mwana amavutika kugwirizanitsa liwu limene akumva ndi zilembo zimene akuona, choncho amawerenga mochedwa ndi kulemba molakwitsa ngakhale nkhaniyo akuimvetsa. Chichewa chimabisako vutoli chifukwa nthawi zambiri timalemba monga momwe timatchulira. Chingerezi chilibe chifundo chotere: "rough", "though" ndi "through" amathera ndi zilembo zofanana koma katchulidwe kake n'kosiyana. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, ndiye mwana wotere amakwera makalasi podalira kumvetsera ndi kuloweza. Akafika kwa ife kusekondale, kumene timafuna chimangirizo cha tsamba lathunthu, amagwa.

Ndinapita kwawo. Ndinapepesa pamaso pa mayi ake, ndipo iye anangoti, "Aphunzitsi, ine ndimamva zonse zimene mumanena, koma zikakhala papepala zimandithawa."

Sukulu yathu ilibe tabuleti, choncho tinagwiritsa ntchito foni yanga. Mafoni ambiri a Android ali ndi pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa, ndipo ukatsitsa mawu ake kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti. Ndimataipa manotsi usiku, tikaweruka iye amamvetsera kwinaku akulondola ndi chala pakope. Akamalemba pafoni, mzere wofiira umamusonyeza mawu olakwika, amayesanso yekha, kenako amawakopera m'kabuku kake ka mawu ovuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patha miyezi ingapo, tsopano ali Folomu 2, sajomba, ndipo amalemba tsamba lathunthu loti n'kuliwerenga. Zolakwika zikadalipo zambiri.

Sindikunena kuti makina ndi mankhwala. Foni ndi imodzi, batire limatha, ndipo kutchaja n'kolipira kumsika. Mawu a m'foni akamawerenga Chichewa amapotoza mpaka ana kuseka. Komanso mayeso a JCE ndi MSCE amalembedwa papepala, ndipo satifiketi ya MSCE siituluka ngati mwana walephera Chingerezi. Chimene foni yachita n'kumupatsa mpata wobwereza kakhumi popanda womuyang'ana, chinthu chimene ine sindingathe ndili ndi kalasi lodzaza ndi mphindi 40 zokha.

Pempho langa kwa akuluakulu a zamaphunziro ndi ili. M'mera mpoyamba, n'zoona, ndipo n'chifukwa chake matabuleti anayambira kwa ana aang'ono. Koma alipo amene anadutsa Sitandade 4 makinawa asanabwere. Kodi sizingatheke kuti madzulo, ana a kupulaimale akaweruka, akuluakuluwa azigwiritsako ntchito moyang'aniridwa ndi mphunzitsi? Komanso aphunzitsi amene amaphunzira za ana a zosowa zapadera ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu atatiyendera ife a kusekondale ngakhale kamodzi pateremu, tikhoza kumazindikira ana otere msanga.

Kwa aphunzitsi anzanga, musanalembe mawu akuti "waulesi" pakope la mwana, mufunseni funso lomwelo pakamwa. Ine ndikanatero mu teremu yoyamba, mnyamata uja sakanalawa n'komwe kabaza. Chaka chino alemba JCE, ndipo masana aliwonse tikaweruka amabwera kudzafunsa ngati foni ili ndi moto.