Za Chithandizo cha Boma ndi Munda wa Mwini



Mvula yoyamba itagwa, tinakwera kumtunda kwa mudzi wathu, m'mapiri a boma la Ntcheu, kukaona nchito imene tinagwira chaka chatha. Tinatsikako ndi manyazi, ndipo manyaziwo ndiwo atigwiritsa cholembera lero.

Nchitoyo inali ya chithandizo cha Boma chimene anthu achitcha Mbwezera Chilengedwe, cha ndalama zochokera ku World Bank. Maina athu analembedwa, ndipo tinakumba migula yopingasa phiri, tinaunjika miyala m'zigwembe, tinabzala mitengo ndi udzu wa vetiva. Alangizi anatifotokozera bwino lomwe kuti madzi othamanga ndiwo anyamula nthaka, koma akapeza chowatsekereza aima, nalowa pansi, nasiya dothi pomwepo. Malipiro tinalandira, ndipo tinagula mchere, sopo ndi makope a ana. Pa zimenezi tithokoza.

Koma tsiku lija tinapeza migula yodzala mchenga, popeza panalibe wouchotsa. Mitengo zinadya mbuzi. Udzu unapsa ndi moto wa osaka mbewa. M'munda mwathu momwe chigwembe chinali chitatsegukanso, ndipo nthaka yakuda, imene tinati tidzathirapo feteleza, inali itatsikira kudambo. Titafunsana, yense anati: "Ija inali nchito ya Boma, ndalama zikadzabweranso tidzakonza." Sitibisa ai, mau amenewa anaturuka m'kamwa mwathunso.

Mau otere si a lero. M'chaka cha 1946 Boma la Nyasaland linaika lamulo la kusamala nthaka, limene makolo athu analitcha malimidwe. Anthu anauzidwa kuleka matutu, kulima mizere yopingasa ndi kuunda milambala. Wokana analipitsidwa, ena anamangidwa. Agogo athu anatisimbira kuti akapitao oyendera minda anaopedwa koposa njala. M'chaka cha 1953 Inkosi Gomani wa kuno ku Ntcheu, pokana chitaganya cha maiko atatu, anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo Boma linamchotsa pa ufumu. Mantha atatha, milambala yambiri inasiyidwa. Mizere yokha inatsala kufikira lero, chifukwa anthu anaona ndi maso ao kuti isunga chinyezi. Chimene munthu achita poopa chilango chitha pamodzi ndi chilangocho. Ndipo ife taona tsopano kuti chimene achita pofuna malipiro okha chithanso pamodzi ndi malipirowo.

Nkhawa ya Azungu aja inakula pamene anamva za tsoka la kukokoloka kwa nthaka ku America. Koma kumeneko kunali njira inanso, imene tifuna kuti muimve. M'dera la Wisconsin, m'boma laling'ono la Vernon, muli chigwa chochedwa Coon Valley. Alimi a kumeneko anadula mitengo ya m'mapiri, nalima ndi kudyetsa ng'ombe pamatsitso, kufikira minda inang'ambika ndi zigwembe monga yathuyi. M'chaka cha 1933 Boma lao, motsogozedwa ndi katswiri wa nthaka dzina lake Hugh Hammond Bennett, linasankha chigwachi kuti likayambe kumeneko nchito yoteteza nthaka. Silinakakamize munthu. Wofuna anachita pangano la zaka 5: Boma linapereka mbeu, laimu, mitengo, waya wa mpanda ndi anyamata othandiza nchito, mlimi anabvomera kulima mopingasa, kusinthanitsa chimanga ndi udzu wa ziweto m'timinda totsata phiri, ndi kuchotsa ng'ombe m'nkhalango za pamatsitso. Ena anakana poyamba, koma ataona minda ya anansi ao anatsata. Zaka za pangano zitatha, alimi ambiri anapitiriza okha, ndipo ana ao analandira minda yolimidwa mwa njira yomweyo.

Kusiyana kuli pati? Anthu aja analandira chithandizo cha Boma monga munthu alandira anansi odzamthandiza kufolera nyumba: anansiwo akapita, denga likadontha, mwini sadikira kuti abwerenso, akwera yekha. Ife tinachilandira monga ganyu wa m'munda mwa mlendo, chinkana mundawo ngwathu.

Ndipo tisaiwale kuti chithandizo cha Boma chibwera nichipita. Makuponi a feteleza anayamba m'chaka cha 2005, ndipo m'chaka cha 2020 dongosolo lake linasinthidwa. Ena analandira chaka china, chaka china maina ao sanaoneke. Koma ngakhale thumba lifike pa nthawi yake, lidzapindula chiani pa munda umene mvula iukokolola? Mlimi wotere athirira mtsinje, osati chimanga. Akulu anati, madzi akatayika saoleka. Nthaka ikapita kunyanja iri chimodzimodzi.

Chifukwa chake tikupemphani, abale, maina akamalembedwa musakane, pakuti ndalamazo zithandiza pa nyumba. Koma pokumba funsani mlangizi chifukwa cha chiri chonse, kuti nzeruyo itsale ndi inu iye atapita. Pemphani kuti akuyesereni akalozera m'munda mwanu. Ndipo mukhale pansi ndi anyakwawa kupangana za mbuzi ndi za moto wa m'tchire, popeza munda wa kumtunda ukaonongeka, wolira ndiye wa kumunsi.

Loweruka lapitali tinatenga makasu, ife ndi amai a kunyumba ndi ana, tinakachotsa mchenga m'migula iwiri ya kumtunda kwa munda wathu. Panalibe wolemba maina, panalibenso malipiro. Mwana wathu wamng'ono anafunsa kuti, "Atate, lero tirikugwirira yani?" Tinayankha kuti, "Tirikugwirira iwe, pakuti mundawu udzakhala wako." Dzuwa lisanapendeke, nyumba ziwiri za anansi zinabwera ndi makasu ao. Migula yotsala njambiri, ndipo mvula siidikira.

Tsalani bwino nonse.