Chilankhulo chimaphunziridwa pakhomo pa eni ake

Makolo anzanga, mwana kapena mnzathu wa m'banja akapeza mwayi wa sukulu kunja, ambirife timangoganiza za ndege ndi zithunzi zokongola zimene azititumizira pa foni. Timaiwala kuti akafika kumeneko amasanduka khanda. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, koma osatha ngakhale kufunsa mtengo wa buledi. Ine zimenezi ndinazilawa, n'chifukwa chake ndati tikambirane.

Kwathu ndi ku Dowa, kufupi ndi Chezi pamsewu wa ku Salima. A kumeneko mukudziwa kuti pa Chezi ndi pa Mtengowanthenga pali masisitere a zipani zochokera ku Spain. Chisipanishi ndinayamba kuchimva pakamwa pawo ndili mnyamata. Nditakula, kuntchito ananditumiza kukachiphunzira kwa miyezi 6 mumzinda wa Málaga, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Kumudzi ndinasiya mayi a kunyumba ndi mwana woyamwa.

Ndinkakhala ku El Palo, dera la asodzi, m'nyumba ya mayi wina wamasiye wa msinkhu wa amayi anga. M'mawa kunali kukalasi. Nkhomaliro inkabwera cha m'ma 2 koloko masana, mgonero cha m'ma 9 kapena 10 usiku, nthawi imene kumudzi kwathu agalu okha ndiwo amakhala ali maso. Masana mashopu ang'onoang'ono amatseka, n'kudzatsegulanso cha m'ma 5. Madzulo agogo, ana ndi zidzukulu amayenda limodzi m'mphepete mwa nyanja, kwinaku anthu akuwotcha nsomba zotchedwa sardinas zobaya pa timitengo. Fungo lake linkandikumbutsa Senga Bay, kungoti madzi a kumeneko ndi a mchere.

Chisipanishi chili ndi mwayi wake kwa ife Achewa. Chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo amamveka ngati athu omwewa. Mawu ambiri umawawerenga mmene alembedwera. Msampha uli pa "l" ndi "r". Kwathu ukanena "mbili" kapena "mbiri" aliyense amva. Kumeneko pero ndi "koma", pelo ndi "tsitsi", pamene perro ndi "galu". Alinso ndi "iwe" ndi "inu" wawo, tú ndi usted, koma "iwe" amamugwiritsa ntchito kwambiri, mwana kwa agogo ake omwe. Kwa munthu woleredwa ku Dowa zimenezi zimaumitsa pakamwa.

Komatu za m'buku ndi za mumsewu n'zosiyana. Anthu a ku Málaga amameza "s" wa kumapeto kwa mawu ndipo amalankhula ngati akuthamangira minibasi. Amene anandithandiza zedi ndi mayi uja. Chingerezi sankachidziwa. Ankandikhazika patebulo, n'kumaloza chinthu chilichonse ndi kuchitchula mpaka ndibwereze bwino. Loweruka ankandituma kumsika ndi kapepala. Ndikasowa mawu ankadikira, osandiseka, osandimalizira. Anzanga ena a m'kalasi ankakhala okhaokha m'nyumba za lendi n'kumacheza m'Chingerezi. Pofika mwezi wachitatu ine ndinali nditayamba kunenerera mitengo, iwo akadali ndi dikishonale m'manja.

Kwa inu a mabanja achichepere, chovuta kwambiri si kalasi ayi koma madzulo. Munthu wosamva zimene anzake akuseka amasungulumwa ngakhale ali pakati pa chikhamu, ndipo m'pamene mayesero amalowera. Ife tinapangana tisanasiyane: tsiku loimbirana foni, ndalama zotumiza pamwezi, ndiponso amene aziyang'anira munda. Mwamwayi nthawi ya ku Spain ndi ya kuno imafanana kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi inayo imasiyana ndi ola limodzi lokha. Wotsala pakhomo asamangofunsa kuti "mwatigulira chiyani?" Afunsenso kuti "lero mwacheza ndi ndani?" Nayenso wopitayo asaiwale kuti mnzake akulera yekha.

Tsono nkhaniyi sikuti ndi ya okwera ndege okha. Ife a ku Dowa alendo otere tili nawo pakhomo pomwe. Kuyambira 1994 pa Dzaleka, pamene kale panali ndende, pakhala msasa wa anthu othawa kwawo. Lero alipo oposa 50,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda. Iwowa sanasankhe ulendo ngati ine, ndipo tsiku lobwerera salidziwa. Chichewa amachitolera pamsika, kutchalitchi ndi pabwalo la mpira. Mayi wa ku Congo akamavutika kutchula "ndiwo zamasamba", ali pamalo omwe aja ndinali ine pamsika wa ku El Palo.

Ndiye ndikufunseni, makolo anzanga: ana athu akamva mlendo akuphotchola Chichewa amatani? Ngati amaseka ndi kumuyeserera, anaphunzira kwa ndani? Mwana amaonera mmene bambo ake akuyankhira mlendo pogula tomato. Tiwaphunzitse kulankhula pang'onopang'ono, kubwereza mosanyinyirika, ndi kufunsa mlendoyo kuti kwawo chinthu chimenechi amati chiyani. Mwana wotere amapindula kawiri, chifukwa Chiswahili ndi Chifalansa zili pa Dzaleka pompo zaulere.

Ndipo wanu akamanyamuka, kaya ndi wa ku Spain, ku Maputo kapena ku Joni, mulangizeni kuti asakabisale pakati pa Amalawi okhaokha. Akadye ndi eni dziko, akapite kumsika yekha, akalole kukonzedwa. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wathu akakhala kutali tidzafuna wina amudikire akamasowa mawu, choncho nafenso tiyambe kudikira a anzathu amene ali kuno.